Bala la Moto Silithera pa Khungu

Pali chinthu china chimene chimazunguza mitu anthu ambiri amene anadwazikapo m'bale wopsa ndi moto. Tsiku la ngozi wodwalayo amafika ku chipatala akulankhula bwinobwino, mwina akuyenda yekha, napempha madzi akumwa ndi kufotokoza m'mene zinachitikira. Abale amakhazika mitima pansi. Koma pakapita tsiku limodzi kapena awiri munthu uja amayamba kutupa, mkodzo nuleka kutuluka. Wina amatha sabata ziwiri akuoneka ngati akupeza bwino, kenaka thupi nkutentha, nzeru nkusokonezeka, mpaka kutsirizika. Pa maliro pamamveka manong'onong'o. Ena amati anamwino anamtaya, ena amati inamupha ndi jekeseni, ndipo sipalephera wina wonena kuti moto umenewo unali wochita kutumizidwa.

Madokotala nawonso anakhala zaka mazanamazana akudabwa ndi imfa yotereyi. Yankho analipeza pang'onopang'ono, makamaka m'zaka 100 zapitazi, ndipo kawirikawiri ankalipeza pambuyo pa ngozi zazikulu. Yankho lake nlakuti kupsa kwakukulu ndi nthenda ya thupi lonse: moto ukazima pa khungu, mavuto amapitirira m'magazi, m'mapapo, mu impso ndi m'matumbo. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti anthu pafupifupi 180,000 amafa chaka chirichonse kaamba ka kupsa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a m'maiko a mu Africa ndi a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia.

Kuya kwa bala ndi kukula kwake

Khungu ndilo mpanda wa thupi. Limasunga madzi kuti asatayike, limatsekereza tizirombo toyambitsa matenda, ndiponso limasunga kufunda kwa thupi. Likapsa pamwamba pokha limangofiira ndi kuwawa, nilipola pa masiku owerengeka. Likapsa kufika pakati pamatuluka matuza, ndipo ululu wake ngosasimbika. Koma likapsa lonse mpaka pansi, malowo amaoneka otuwa kapena akuda, ouma gwa ngati chikopa cha ng'oma, ndipo sapweteka kwenikweni chifukwa timitsempha tomvera ululu timakhala titapserera. Apa mpamene ambiri amanyengeka, nayesa laling'ono bala limene liri loopsa koposa.

Kukula kwa bala amakuyeza ndi dzanja la wopsayo mwini wake. Khungu la thupi lonse likagawidwa magawo 100, chikhatho pamodzi ndi zala chimakwana ngati gawo limodzi. Mwana wopsa malo okwana zikhatho zake 10, kapena wamkulu wopsa malo okwana zikhatho 15, moyo wake uli pa ngozi ngakhale akhale akulankhula. Mphika umodzi wa phala ukakhuthukira mwana wa zaka ziwiri pa chifuwa ndi pa mimba, muyeso umenewu ungathe kukwana. Bala la kumaso, la m'manja, la kumapazi, la kumaliseche, la popindikira mkono kapena mwendo, ndiponso lozungulira chiwalo chonse, nlofunika chipatala ngakhale lichepe bwanji.

Madzi amene amathawa m'magazi

Kale madokotala ankakhulupirira kuti mnofu wopsa umatulutsa poizoni amene amapha munthu. Mu 1921 nyumba yoonetseramo kanema yotchedwa Rialto, mu mzinda wa New Haven ku America, inapsa, ndipo katswiri wina wa pa Yunivesite ya Yale, Frank Underhill, anapima magazi a anthu amene anapulumuka. Anapeza kuti magaziwo anali olimba, ngati phala lophwa madzi. Atapimanso madzi a m'matuza anaona kuti ngofanana ndi madzi amene amakhala m'magazi. Ganizo lake linali lakuti wopsa amafa chifukwa magazi ake atha madzi. Ngozi imene inatsimikiza ganizoli inadza patapita zaka 21.

Usiku wa pa 28 November 1942, m'nyumba ina ya zovina ndi zakumwa yotchedwa Cocoanut Grove, mu mzinda wa Boston ku America komweko, munabuka moto. Munali anthu oposa 1,000, kuposa kawiri chiwerengero chimene lamulo linalola. Zokongoletsa za nsalu ndi mapepala zinayaka ngati udzu wa m'chilimwe, zitseko zina zinali zokhoma, ndipo chitseko chachikulu chinatsekeka ndi anthu opanikizana. Anthu 492 anafa.

Inali nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kotero zipatala za mu Boston zinali zitakonzekera kale kulandira ovulala ambiri nthawi imodzi, zitasunganso madzi a m'magazi otchedwa plasma. Ku Massachusetts General Hospital kunafika anthu 114, koma 39 okha ndiwo anakhala ndi moyo mpaka kugonekedwa. Dr. Oliver Cope ndi anzake, mmodzi wa iwo dokotala wachinyamata dzina lake Francis Moore, anawaika onse malo amodzi nayamba kulemba zonse: madzi olowa m'thupi, mkodzo wotuluka, kulimba kwa magazi, zithunzi za m'chifuwa. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1943, zina mu 1947.

Chachikulu chimene chinadziwika ndi ichi. Munthu akapsa malo aakulu, timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timayamba kuchucha ngati mtsuko wong'aluka. Madzi ena amatulukira pa bala, koma ambiri amangotayikira m'mnofu, m'kati mwa thupi momwemo, ngakhale ku ziwalo zimene moto sunakhudze. Ndiye chifukwa chake wodwala amatupa ngati wadzaza madzi, pamene m'mitsempha mwake muli gwa. Kuchuchaku kumakhala kwakukulu m'maola oyambirira, ndipo kumapitirira tsiku limodzi kapena awiri. Mtima umasowa chopopa, umagunda mofulumira koma mofooka, manja ndi mapazi amazizira, ndipo impso, zimene sizikhala nthawi yaitali popanda magazi okwanira, zimaleka ntchito.

Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka. Awa okha ngooleka, malinga ngati ayamba kubwezeredwa msanga ndiponso pa muyeso wake. Muyesowo umatsata kukula kwa bala. Ku Boston City Hospital, kumene kunapita ovulala ochuluka koposa usiku uja, Charles Lund ndi Newton Browder anakonza chithunzi cha thupi chosonyeza kukula kwa chiwalo chirichonse molingana ndi msinkhu wa munthu, nachisindikiza mu 1944. Chikugwirabe ntchito mpaka lero. Chimakumbutsa dokotala kuti mutu wa khanda ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a khungu lake lonse, pamene mutu wa munthu wamkulu sufika gawo limodzi mwa magawo 10.

Mu 1968 Dr. Charles Baxter wa ku Parkland Hospital, mu mzinda wa Dallas, anapereka masamu amene zipatala zambiri zimatsata: mamililita 4 a madzi amchere otchedwa Ringer's lactate pa kilogalamu iriyonse ya thupi, kuchulukitsa ndi magawo a khungu amene apsa. Bambo wolemera makilogalamu 60 amene wapsa magawo 30 pa 100 afunika malita oposa 7 m'maola 24 oyamba, ndipo theka lake liyenera kulowa m'maola 8 oyambirira. Palibe munthu wodwala amene angamwe madzi ochuluka chotere osasanza. Nchifukwa chake amamuika diripi.

Tsono maola 8 amenewo sawerengedwa kuyambira pamene wodwala wafika ku chipatala ai. Amayambira pa nthawi imene anapsa. Munthu wopsa madzulo, amene abale ake anena kuti "tiona kukacha", amakafika nthawi yofunika koposa itatha, impso zitayamba kale kuonongeka. Pa zifukwa zonse zimene zimapha opsa m'midzi, kudikira kuti kuche ndicho chomvetsa chisoni koposa, popeza m'nyumbamo mumakhala anthu omukonda wodwalayo amene angonyengedwa ndi kulankhula kwake.

Masamu a Baxter ndi poyambira chabe. Chimene chimauza namwino ngati madzi akukwanira ndi mkodzo. Munthu wamkulu ayenera kutulutsa ngati masipuni aakulu awiri pa ola lirilonse, ndipo kapaipi kamene amamuika ku chikhodzodzo nkoti ayeze zimenezi. Madzi opyola muyeso nawonso amaononga, chifukwa amadzaza m'mapapo. Wodwazika matenda asakhudze kogudubuza ka pa diripi poganiza kuti akuthandiza kuti botolo lithe msanga.

Pa ulendo wa ku chipatala, ngati wopsayo ali maso ndipo sakusanza, apatsidwe Thanzi ORS pang'onopang'ono. Mphete, zibangili, wotchi ndi mikanda ya m'chiuno zivulidwe kutupa kusanayambe. Pamene bala lakuya lazungulira mkono kapena chifuwa, khungu loumalo limamanga ngati luzi pamene mnofu ukutupa m'kati mwake, ndipo dokotala amalicheka m'litali kuti magazi ayende kapena kuti munthu apume. Kuchekako kumaoneka ngati nkhanza, koma ndiko kumapulumutsa dzanja.

Utsi

Ambiri amene anafa ku Cocoanut Grove analibe mabala aakulu pa khungu. Ena anatuluka okha, nathandizanso kunyamula anzawo, koma patapita maola owerengeka anayamba kubanika. Mwa odwala 39 a Dr. Cope aja, 7 anamwalira m'masiku atatu oyamba, ndipo chimene chinawavuta kwambiri chinali m'mapapo. Mpweya wotentha umatupitsa kukhosi mpaka njira ya mpweya kutsekeka, pamene utsi umaononga timapaipi ta m'kati mwa mapapo, ndipo pambuyo pake pamabwera chibayo. Munthu amene wapsera m'nyumba yotseka, amene wasasa mawu, amene tsitsi la m'mphuno lawauka kapena akulavula malovu a mwaye, athamange naye ngakhale khungu lake liri bwino.

Mu utsi mulinso mpweya wina wosaoneka, wosanunkha, wotchedwa carbon monoxide. Umakangamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, kotero thupi limasowa mpweya wabwino munthu akupuma. Mpweya womwewu ndi umene umapha mabanja ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka m'miyezi ya June ndi July.

Zopaka pa bala, ndi madzi ozizira

Pa nthawi ya ngozi ya ku Boston, mankhwala otchuka a mabala a moto anali tannic acid, amene amapezeka m'makungwa a mitengo ndipo amafufutira zikopa. Anayamba kutchuka mu 1925 ndi dokotala wa ku Detroit, Edward Davidson. Ankaumitsa bala, nachepetsa ululu, ndipo pamaso ankaoneka ngati akuchiza. Dr. Cope anawakana. Iye analamula kuti mabala asapalidwe, angophimbidwa ndi nsalu zophera tizirombo zopakidwa mafuta onga Vaseline, kuti antchito apeze nthawi yosamala mpweya ndi madzi a wodwala. Mabala ambiri anapola bwino. M'zaka zomwezo kunadziwika kuti tannic acid ankalowa m'magazi nkukaononga chiwindi, ndipo anasiyidwa.

Ngati madokotala ophunzira anapaka chinthu choononga kwa zaka pafupifupi 20 chifukwa chakuti chinkaoneka bwino pamaso, palibe manyazi kuti agogo a m'mudzi nawonso asiye zawo. Mazira aawisi, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano, ufa, phulusa, matope ndi ndowe sizichiza bala la moto. Mafuta amatsekera kutentha m'kati. Zinazo zimabisa bala kuti dokotala asaone kuya kwake, ndipo pozichotsa wodwala amamva ululu kawiri. Matope ndi ndowe zimanyamula tizirombo ta kafumbata.

Chimene chimathandiza chinadziwika bwino kuchokera ku ntchito ya Douglas Jackson wa ku Birmingham, ku England, amene mu 1953 anafotokoza kuti bala la moto liri ndi zigawo zitatu. Lifanana ndi munda umene walowa moto wolusa: pakati pali phulusa, pambali pake pali mbewu zofota zimene zingatsitsimuke kapena kuumiratu, ndipo kunja kuli zongowauka masamba. Pakati pa bala mnofu wafa, ndipo palibe mankhwala oudzutsa. Kunja kumachira kokha. Nkhondo yonse iri pa chigawo chachiwiricho, m'mene magazi akuyenda movutika. Kutentha kukapitirira, madzi akachepa m'thupi, kapena tizirombo tikalowa, chigawochi chimafa m'masiku awiri kapena atatu, ndipo abale amadabwa kuona bala litakula ndi kuzama m'chipatala momwemo.

Madzi ozizira amapulumutsa chigawo chimenechi. Ku Queensland, ku Australia, ofufuza anatsata ana opsa pafupifupi 2,500, ndipo mu 2020 anasonyeza kuti ana amene anathiridwa madzi ozizira kwa mphindi 20, maola atatu asanathe chipsereni, ndi ochepa amene anafunika opareshoni yoika khungu poyerekeza ndi anzawo. Mphindi 20 ndi nthawi yaitali kwa mayi amene mwana wake akulira, ndipo ambiri amaleka zitangokwana ziwiri. Kumene kulibe mpope, madzi oyera a pa mjigo athiridwe ndi kapu mosalekeza. Ayezi saloledwa, chifukwa amatseka mitsempha nkuonjeza kufa kwa mnofu. Mwana wamng'ono amazizidwa msanga, kotero madzi apite pa bala pokha, thupi lina lonse lifundidwe. Pambuyo pake bala liphimbidwe ndi nsalu yochapa, makamaka yosita, matuza asaboolidwe, ndipo chovala chimene chamatirira, monga nayiloni, chisasomphoredwe.

Za uchi ambiri amafunsa. Kafukufuku, makamaka wa ku India, anasonyezadi kuti uchi ungafulumizitse kupola kwa mabala a moto osazama. Koma uchi subwezera madzi m'magazi, suchiza bala lakuya, ndipo sulowa m'malo mwa mphindi 20 zija. Ndi nkhani yokambirana ndi a chipatala atatha kuliona balalo.

Zonsezi zimayamba ndi kumchotsa munthu pa moto. Amene zovala zake zayaka asathamange. Agwetsedwe pansi, akunkhunizidwe kapena afunditsidwe bulangete. Pano pali chikhulupiriro chimodzi chimene chapundula anthu ambiri. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kunatsegulidwa chipinda chapadera cha opsa mu 1993, ndipo ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe mu 2011. Zolembedwa za m'zipinda zimenezi zasonyeza kuti opsa ochuluka ndi ana aang'ono, kuti ngozi zimachuluka m'nyengo yozizira, ndiponso kuti ambiri mwa amene amabwera ndi mabala akuya ndi odwala khunyu amene anagwera pa moto. Wogwa khunyu sadziwa kuti akupsa, ndipo anthu omuzungulira amaopa kumugwira poganiza kuti thovu lake kapena mpweya wake ungawapatsire. Khunyu silipatsirana mwa njira ina iriyonse. Mphindi imodzi ya mantha imeneyo ndiyo imasandutsa bala la matuza kukhala bala lofika pa fupa.

Sabata yachiwiri: tizirombo

Madokotala atadziwa kubwezera madzi, odwala anayamba kupyola masiku atatu oyamba, koma nkumakafa sabata yachiwiri kapena yachitatu. Mnofu wakufa, wofunda, wonyowa, wopanda magazi obweretsa asilikali a m'thupi, ndi dimba la tizirombo. Opsa a ku Boston anali ena mwa anthu wamba oyamba kulandira penisilini, amene pa nthawiyo anali wosowa kwambiri, wochokera ku fakitale ya Merck ku New Jersey. Koma mankhwala a m'mitsempha safika bwino pa mnofu wakufa, ndipo tizirombo tina tinazolowera mankhwalawo. Kena mwa ito ndi Pseudomonas, kamene kamabiriwitsa mafinya ndi nsalu zomangira bala.

M'zaka za m'ma 1940, Leonard Colebrook, amene anagwira ntchito ku Glasgow ndi ku Birmingham, anasonyeza kuti tizirombo tambiri timachoka kwa wodwala wina kupita kwa mnzake kudzera m'manja, m'mabulangete ndi m'fumbi la m'chipinda. Atakonza chipinda chapadera chomangira mabala ndi kukhwimitsa ukhondo, matenda anachepa kwambiri. Ndiye chifukwa chake alendo amaletsedwa kuunjikana pa bedi la wopsa, kukhala pa zofunda zake kapena kusuzumira pansi pa bandeji. Wodwazika asambe m'manja ndi sopo nthawi zonse asanamkhudze, ndipo neti itsitsidwe usana womwe kuti ntchentche zisatere. Jekeseni wa kafumbata asakanidwe.

Tizirombo tikalowa m'magazi, thupi limatentha kwambiri kapena kuzizira modabwitsa, kupuma kumafulumira, mimba imatupa, wodwala amakana chakudya nayamba kubwebweta. Wodwazika ndiye amayamba kuona kusinthaku, ndipo auze namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Mu 1968 Charles Fox wa ku New York anatulutsa mafuta oyera a silver sulfadiazine, amene akupezekabe m'zipatala zambiri. Amachepetsa tizirombo, ngakhale kuti kafukufuku wa pambuyo pake anasonyeza kuti pa mabala osazama amachedwetsa kupola poyerekeza ndi zomangira zina zatsopano. Kusintha kwakukulu kunachokera kwa dokotala wamkazi, Zora Janžekovič, amene ankagwira ntchito ku Maribor, m'dziko limene lero ndi Slovenia, m'chipatala chosowa zipangizo. Kale ankadikira sabata zitatu kapena kuposa kuti mnofu wakufa uwole nkuyoyoka wokha. Iye anayamba kuusenga m'masiku oyambirira, pang'onopang'ono ngati wosenda mbatata, mpaka kufika pa mnofu wamoyo wotuluka magazi, nkuphimba pomwepo ndi khungu la wodwalayo. Anafalitsa njirayi mu 1970, ndipo m'maiko olemera yapulumutsa anthu ochuluka.

Makolo ambiri amachita mantha akamva kuti mwana adulidwa khungu la pa ntchafu. Amadula kachigawo kopyapyala ka pamwamba pokha, ndipo malowo amapola okha pa sabata ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Ena amapempha kuti atenge khungu la bambo kapena la mayi m'malo mwa la mwana. Funso limeneli linayankhidwa ku Glasgow mu 1943, pamene Thomas Gibson ndi Peter Medawar, poyang'anira mayi wopsa amene anaikidwa khungu la mlongo wake, anaona kuti thupi limakana khungu la munthu wina, ndipo likaikidwa kachiwiri limalikana msanga koposa. Khungu la munthu wina limangophimba kwa kanthawi. Medawar anapitiriza kufufuza nkhaniyi nalandira mphotho ya Nobel mu 1960.

Komabe si njira iriyonse yochokera kutali imene imagwira ntchito chimodzimodzi paliponse. Ofufuza a ku Kamuzu Central Hospital, pamodzi ndi anzawo a ku University of North Carolina, anapeza mu 2015 kuti odwala amene anachitidwa opareshoniyi m'masiku oyambirira ankamwalira ochuluka kuposa amene anadikira pang'ono. Opareshoniyi imataya magazi ambiri, ndipo imafuna magazi oonjezera ndi chisamaliro chapadera. Motero dokotala akanena kuti adikire kaye kuti wodwala alimbe, sindiye kuti wamuiwala; ndipo abale akapemphedwa kupereka magazi, apereke.

Njala ya wopsa

Wopsa kwambiri amaonda mofulumira ngakhale akudya monga mwa masiku onse. Kafukufuku wa Douglas Wilmore ndi anzake ku chipatala cha asilikali ku San Antonio, m'zaka za m'ma 1970, anasonyeza kuti thupi lotere limatentha chakudya pafupifupi kawiri kuposa m'mene limachitira likakhala bwino. Likasowa chakudya limadya minofu yake yomwe. David Herndon ndi anzake ku Galveston anapeza kuti mwa ana zimenezi zimapitirira chaka kapena kuposa, mabala atapola kale. Mwana amene anali wonyentchera asanapse ali pa ngozi yoposa, ndipo khungu loikidwa pa thupi lanjala siligwira.

Dzira limene likadaswedwera pa bala liphikidwe kuti wodwala adye. Afunika phala la nsinjiro, Likuni Phala, nyemba, usipa, mkaka, nyama ndi zipatso, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, usiku womwe. Chipinda chikhale chofunda, chifukwa wopsa akamanjenjemera amatha mphamvu zoti apolere.

Kudya msanga kuli ndi ubwino winanso. Mu 1842 dokotala wa ku London, Thomas Curling, analemba za opsa amene ankafa ndi zironda za m'matumbo, pafupi ndi chifu, kumene moto sunafike. Magazi akachepa, thupi limayamba kumana matumbo, ndipo khungu la m'kati mwake limanyenyeka. Zironda zimenezi zachepa kwambiri chiyambire kubwezera madzi msanga, kudyetsa odwala tsiku loyamba lomwe, ndi kupereka mankhwala ochepetsa asidi. Wopsa akasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, namwino adziwe.

Zipsera

Bala lakuya likamapola lokha limakoka khungu kuchokera m'mbali. Wodwala naye amapinda mkono kapena mwendo chifukwa ndimo ululu umachepa. Pakatha miyezi iwiri chigongono sichitambasukanso, chibwano chamatirira pa chifuwa, zala zagwirana. Mwa mwana zinthu zimaipiraipira, popeza fupa limakula pamene chipsera sichikula nalo. Kuongola chiwalo chotere kumafuna maopareshoni amene amachitika m'zipatala zazikulu zokha, pamene kupewa kwake kumayamba sabata yoyamba: kugona wopanda pilo ngati khosi lapsa, kutambasula mkono kutali ndi nthiti ngati m'khwapa mwapsa, kumanga chala chirichonse pachokha, kuvala zomangira zoongolera usiku, ndi kupinda ndi kutambasula tsiku ndi tsiku monga a mafizo aphunzitsira. Mwana amalira, ndipo mtima wa kholo umafuna kumleka. Chifundo chimenechi ndicho chimapundula. Wodwala apatsidwe mankhwala opha ululu asanayambe kutambasula kapena kutsukidwa bala, ndipo chipsera chipakidwe mafuta ndi kutetezedwa ku dzuwa.

Mtima nawo umapsa. Erich Lindemann ndi Alexandra Adler, amene anacheza ndi opulumuka ndi ofedwa a ku Cocoanut Grove, analemba za maloto oopsa, kusowa tulo ndi kudziimba mlandu kumene kunawasautsa miyezi yambiri. Mayi amene mwana wake wapsa amakhala atadziweruza kale yekha. Mawu a apongozi kapena a bambo a kunyumba omunena kuti ngosasamala amangomchotsa mphamvu zoti adwazikire.

Chovuta chomaliza chimabwera mochedwa kwambiri. Mu 1828 Jean-Nicolas Marjolin wa ku Paris anafotokoza zironda zimene zimabuka pa zipsera zakale, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti zina mwa izo ndi khansa ya pa khungu. Zimakonda bala lakuya limene linapola lokha movutikira popanda kuikidwa khungu, makamaka la ku mwendo, ndipo zingaoneke patapita zaka 20 kapena 30, munthu ataiwala za moto uja. Chipsera chakale chikatseguka nkukhala miyezi iwiri kapena itatu chosapola, chikamera mnofu m'mbali, chikamanunkha kapena kutuluka magazi pongochikhudza, mwini wake apemphe kalata yopita ku chipatala chachikulu kuti akadule kachidutswa nkukapima. Ikapezeka msanga amangochotsa malowo ndi kuikapo khungu. Ikachedwa imafalikira ku mwanabere wa m'mphechepeche, ndipo nthawi zina mwendo umadulidwa.